Kodi Kumwezi Nkwa Azungu Okha?

Anzanga acinyamata, ambiri a ife tinaonako filimu ya Star Wars yomwe inatuluka mu 1977. M'filimuyo muli zombo zouluka pakati pa nyenyezi, maloboti olankhula ndiponso zilombo za nkhope zodabwitsa. Koma pakati pa anthu otsogolera nkhaniyo simuona nkhope ya munthu wakuda. Liu loopsa la Darth Vader linali la James Earl Jones, munthu wakuda wa ku America, koma nkhope yake sinaonekemo. Munthu wakuda anapatsidwa mbali yaikulu mu 1980, pamene Billy Dee Williams anasewera ngati Lando Calrissian mu The Empire Strikes Back.

Wina anganene kuti izi ndi nthano cabe. Koma zimene mwana amaona pa kanema zimamphunzitsa malo amene akuyenera kukhalamo. Mu 1966 sewero la pa wailesi ya kanema la Star Trek linaika mai wakuda, Nichelle Nichols, pa mpando wa mkulu woona za mauthenga m'combo. Dzina lake m'seweromo linali Uhura, locokera ku liu la Ciswahili lakuti uhuru, kutanthauza ufulu. Pamene maiyu anafuna kusiya, Martin Luther King anamupempha kuti akhalebe cifukwa ana akuda anali kumuyang'ana. Mmodzi wa anawo anali Mae Jemison, amene mu 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kupita m'mlengalenga.

Komabe Star Trek isanayambe, kuno kwathu kunali kale munthu amene anaona Mzambiya ali kumwezi. Dzina lao ndi a Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amene anamenya nawo nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndiponso anamenyera ufulu m'cipani ca UNIP. Mu 1964, caka ca ufulu wathu, iwo anali kuphunzitsa acinyamata ku Chunga, pafupi ndi Lilanda. Wophunzira anali kulowa m'dilamu la mafuta ndi kugubuduzidwa pa citunda kuti azolowere ulendo wa m'mlengalenga. A Nkoloso anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma ndalamazo sizinabwere.

Taonani amene iwo anasankha kuti apite ku Mars: mtsikana wochedwa Matha Mwamba, amphaka awiri ndi mmishonale. Mmishonaleyo anacenjezedwa kuti asakakamize anthu a kumeneko kulowa Cikristu ngati safuna. Munthu amene anakulira mu ulamuliro wa atsamunda anadziwa bwino kuwawa kwa kukakamizidwa. Panthawiyo n'kuti dziko la America lisanatumizepo mkazi aliyense m'mlengalenga, popeza Sally Ride anapitako mu 1983.

Atolankhani akunja anabwera ndi makamera nawaseka a Nkoloso ngati wamisala. Nzoona kuti dilamu si roketi, ndipo palibe amene anauluka. Koma patapita zaka 50, mu 2014, Nuotama Bodomo wocokera ku Ghana anapanga filimu yaifupi yochedwa Afronauts, momwe Matha ndiye mwini nkhani. Mbali yakeyo anasewera ndi Diandra Forrest, mtsikana wa khungu la cialubino. A Nkoloso anamwalira mu 1989 osaiona filimuyo.

Tsono pamene gulu lanu likonza sewero la pa Khirisimasi kapena la tsiku la acinyamata, dzifunseni: ndani amene timampatsa mbali ya dokotala, ya mfumu kapena ya mngelo? Nanga ndani amene nthawi zonse amakhala wanchito kapena woseketsa anthu? Mtsikana, wolumala, wacialubino, wa mtundu wina: kodi ali ndi malo? Ana a Sande Sukulu akhala kutsogolo ndipo akuyang'ana.