Za Mabuku a Zithunzi Ogulitsidwa Pamulu

Tonse tidziwa kuti munthu akafika pamsika ayamba wayang'ana kukula kwa mulu, ndipo atagula apemphanso basela. Mtima womwewu ndiwo unakulitsa malonda a timabuku ta nthano za zithunzi m'dziko la America. Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri yake, kuti tione chimene wogula apindula nacho, ndi chimene ayenera kuchenjera nacho.

Poyamba nthano izi zinali kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala. M'chaka cha 1933 osindikiza a Eastern Color Printing Company, a ku Connecticut, anatola nthano zimene zinatuluka kale, naziika pamodzi m'kabuku kotchedwa Funnies on Parade, ndipo kampani ya sopo ya Procter & Gamble inakapereka kwa ogula ake monga basela. Poona kuti anthu akakonda, mu 1934 osindikizawo anatulutsa Famous Funnies, nakagulitsa pa masenti 10. Motero kabuku ka zithunzi kanabadwa kali mulu: nthano zambiri zakale pamtengo waung'ono. Ngakhale pamene nthano zatsopano zinayamba, monga ya Superman mu 1938, mtengo unakhalabe masenti 10 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960.

Pambuyo pake mtengo unakwera ndithu, kufikira kabuku kamodzi kopyapyala kanayandikira madola 4. Tsono popeza nthano imodzi itha kudzaza timabuku makumi ambiri, wosauka sanakhoze kuitsata kuyambira kuchiyambi kufikira kumapeto.

Chimene chinabwezera mulu pamsika ndicho intaneti. Mu 2007 kampani ya Marvel inayamba kulola anthu kuwerenga timabuku take takale zikwizikwi pa kompyuta, polipira ndalama ya pamwezi kapena ya pachaka. Mu 2010 anthu ena opanga masewera a pa kompyuta anayambitsa Humble Bundle. Iwo anaika masewera angapo pamodzi, nauza wogula kuti atchule yekha mtengo, ndi kuti gawo la ndalamayo lipite kwa othandiza anthu. Mulu woyambawo unasonkhanitsa ndalama zoposa madola 1,000,000. Mu 2012 anachita chimodzimodzi ndi mabuku, ndipo mu 2014 anaika pamulu nthano za zithunzi za Image Comics. Wopereka pang'ono analandira mabuku ena, woonjezerapo analandira onse, ndipo malondawo anali a masabata awiri okha.

Nanga wogulitsa akhoza bwanji kutsitsa mtengo chotere osataya chuma chake? Yankho lake nali. Ntchito yolemetsa ili pa buku loyamba, pakuti wolemba nthano ndi wojambula ayenera kulipidwa. Buku la pepala lifunanso pepala, inki, mtengatenga ndi nyumba yosungiramo, koma la pa intaneti likakonzedwa kamodzi, kulipereka kwa munthu wachiwiri sikudya kanthu kenikeni. Chifukwa chake wogulitsa aona kuti kulandira pang'ono kwa anthu ambiri kuposa kusunga mabuku akale amene palibe wowafunsa. Adziwanso kuti wowerenga gawo loyamba la nthano adzafuna lotsatira, nadzaligula pamtengo wake wonse. Wogula naye apindula, pakuti apeza nthano yaitali pamtengo wa timabuku tiwiri kapena titatu, nadziwa olemba amene sakanawayesa konse.

Koma pali zinthu ziwiri zimene mbiri iyi itichenjeza. Choyamba, si zonse zogulidwa pa intaneti zikhala zathu. Mu 2011 osindikiza a ku Japan anatsegula sitolo ya pa intaneti yotchedwa JManga, m'mene mabuku anali kuwerengedwa momwemo, osatengedwa. Sitoloyo itatsekedwa mu 2013, ogula anataya mabuku onse amene analipira. Koma mabuku a mulu wa Image Comics wa 2014 anali oti munthu awatenge ndi kuwasunga m'makina ake. Chotero tisanapereke ndalama tifunse: kodi tigula, kapena tingobwereka?

Chachiwiri, kufupika kwa masiku a malonda kufulumiza mtima, kotero kuti munthu aunjika mabuku amene sadzawatsegula. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wogula mabuku makumi atatu nawerenga awiri okha sanagule motsika mtengo ayi, pakuti ndalama yake yonse yagwera pa awiriwo. Tisanagule mulu, tiyambe tawerenga maina a mabuku ali m'menemo, ndi kusankha amene tidzawawerengadi. Tikawapeza ali ambiri, tigule mokondwera, ndipo basela likhale la ana athu.