Msonkho, Mbumba ndi Mwabvi: Cimene Cimanga Munthu ku Lamulo

Kawirikawiri timamva munthu akuti, "Lamulo landimanga," koma ngowerengeka amene amafunsa kuti cingwe cace nciani. Kodi ndi mantha a ndende, kapena kalipo kanthu kena? Anzeru a ku England anatsutsana pa funso limeneli. M'caka ca 1832 John Austin analemba kuti lamulo ndiwo mau a mwini mphamvu amene anthu anazolowera kumumvera, ndipo kumbuyo kwa mauwo kuli cilango. M'caka ca 1961 H. L. A. Hart wa ku Oxford anakana. Iye anati wacifwamba akakuloza ndi mfuti nalanda ndalama zako, wakukakamiza ndithu, koma palibe anganene kuti unali naye mangawa. Mbiri ya dziko lathu la Katete, Sinda ndi Vubwi ili nazo mboni pa mlandu umenewu.

Tiyambe ndi msonkho. Asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu January 1898, boma la Kampani ya British South Africa linakhazikika pa Fort Jameson, pamene lero pachedwa Chipata. Pofika 1901 nyumba iliyonse inayenera kupereka masileni atatu pa caka. Ndalama m'midzi munalibe, tsono amuna anayenda ulendo wa masabata ambiri kukagwira nchito ku Halale. Anthu anakhoma msonkho, inde, koma taonani m'mene mudzi unacitira naye wozemba. Amesenjala akafika, iye anali atalowa kale m'thengo, kapena ataolokera ku dziko la Apwitikizi, pakuti malire ali pafupi. Ndipo amai omwe anati sanamuone ndiwo anamtumizira nsima madzulo. Palibe anamnyoza. Apa Austin ananena zoona: cingwe ca msonkho masiku amenewo cinali mantha okha.

Koma m'mudzi womwewo munali lamulo lina lopanda mesenjala. Kwa Acewa, ndiponso kwa Ansenga a mfumu Nyanje ku Sinda, mwamuna ali nkhoswe ya alongo ace ndi ana ao, ndiyo mbumba yace. Mphwace akapalamula, amalume ndiwo amaima pa bwalo ndi kulipira mbuzi kapena nkhuku. Mlongo akadwala kapena ukwati wace ukagwedezeka, iwo ndiwo amathamanga. Munthu wotaya mbumba sanammange ndi unyolo, koma akulu anamdzudzula pamaso pa anthu, ndipo iye mwini anawerama mutu. Ici ndico cimene Hart anatanthauza: lamulo limakhala mangawa pamene anthu alitenga kukhala muyeso woyesera anzao ndi kudziyesera okha. Manyazi sagwira munthu pa lamulo limene salibvomera.

Boma la Mfumu ya ku England, limene linalandira dziko kwa Kampani mu 1924, linazindikira kuti mantha okha ndi odula mtengo. Malamulo a 1929 anapatsa mafumu mphamvu ya kulamulira ndi kuweruza milandu, ndipo a 1936 anaonjezerapo matumba ao a ndalama. Motero mabwalo a Kawaza, Mbang'ombe ndi Pembamoyo anasanduka makhoti okhala ndi makalaliki ndi mabuku, ndipo Undi anazindikiridwa kuti ndiye mkulu wa mafumu a Acewa. Kunena mosabisa, boma linabwereka ulemu umene silinaufese. Linaikanso malire: mwambo ugwire nchito pokhapo ngati sutsutsana ndi cilungamo monga oweruza Acizungu anacionera.

Mwabvi ndiwo unagwa pa malire amenewo, ndipo nkhani yace ndiyo yobvuta koposa. Munthu akanenedwa kuti ndi mfiti, mapondera anasinja khungwa la mtengo, nalisakaniza ndi madzi, nampatsa amwe. Wosanza anayera mlandu, ndipo womnenerayo analipira. Wakufa anayesedwa mfiti. Lamulo la Ufiti la 1914 linaletsa zonsezi, linaikanso cilango kwa aliyense wochula mnzace mfiti. Kwa anthu a m'midzi ici cinamveka ngati boma laima kumbali ya mfiti. Cimene ambiri a ife a m'tauni tiiwala ndi cakuti onenedwa ambiri sanakokedwe kukamwa. Anapempha okha, pokhulupira kuti mwabvi sunama, ndi kuti kukana ndiko kubvomera mlandu. Cifukwa cace mwambowu unabisala m'malo mwa kufa, ndipo ena anamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu.

Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a kuno m'zaka za 1946 ndi 1947 nabweranso mu 1952, anapeza cinthu cimene akulu athu anacidziwa kale: kunenezana ufiti kunacuruka pakati pa abale a mimba imodzi. Mlandu wa mlendo umatha ndi dipo pa bwalo, koma amalume ungawasumire kwa yani, popeza iwo ndiwo okuimira? Mkwiyo wosowa bwalo unatulukira pa maliro. Cingwe comwe cinasunga mbumba ndico cinaipotokola.

Pamenepa ine ndiima ndi lamulo la 1914, ngakhale linabwera ndi mphamvu ndipo anthu sanafunsidwe. Khungwa lidziwa bwanji mtima wa munthu? Lidziwa mimba yokha, ndi dzanja la amene anayesa muyeso. Nkhalamba zambiri zosalakwa zinafa zili ndi cikhulupiriro conse. Tsono kubvomera kwa anthu kungatiuze cifukwa cace lamulo limamvedwa, koma sikutiuza kuti lamulolo nlolungama. Ndipo Hart yemwe anasiyanitsa ziwirizi. Komanso sindinganene kuti boma linatha nchito yace. Linatseka bwalo la mwabvi osatsegula lina, ndipo munthu amene anaika ana awiri m'manda caka cimodzi anangouzidwa kuti akhale cete. Nkosadabwitsa kuti anyamata a Mcape atafika ndi mankhwala ndi magalasi ao kucokera ku Nyasaland m'zaka za 1930, midzi yathunthu inafola pamzere kuwalandira.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, makhoti a mafumu analowedwa m'malo ndi makhoti ang'ono a boma pa lamulo la 1966, koma Lamulo la Ufiti linatsala m'mabuku a Zambia. Oweruza akuda analandira kwa oweruza oyera lamulo lomwelo, ndi anthu omwewo obwera kudzadandaula za mfiti.