Cithunzi ca manambala: kuona ndi maso zimene tikumaliza

Cithunzi ca manambala ndi njira yoonetsera ciwerengero ndi mizere, madontho, mitundu kapena mapu. Ambirife tinaciona kale ku cipatala. Pa khadi la mwana la kusikelo, namwino amaika kadontho mwana akayezedwa. Madontho akamakwera, mwana akukula bwino. Akayamba kutsika, mayi amadziwa msanga, ngakhale amene sadziwa kuwerenga kwenikweni.

Njira yomweyi imathandiza anthu kusamala magetsi, makala ndi mitengo. Cinthu cikamatha pang'onopang'ono sitizindikira ai. Koma tikaciona ndi maso, timasintha.

Magetsi m'tauni

Ku Tete, ku Moatize ndi m'matauni ena, nyumba zambiri zili ndi mita ya Credelec ya kampani ya EDM. Munthu amalipiriratu magetsi, ndipo mita imaonetsa mayunitsi amene atsala. Mita zambiri zilinso ndi kanyali kofiira. Mukayatsa mbaula yamagetsi, kanyaliko kamaphethira mofulumira. Ndiye banja limaona lokha cimene cikudya ndalama, n'kumazimitsa.

Makala alibe mita. Wogula thumba la makala m'tauni saona mtengo umene unagwetsedwa kumudzi. Apa ndi pamene mapu amathandiza.

Mapu a nkhalango

Mu 2014, bungwe la World Resources Institute la ku Washington linatsegula mapu a pa intaneti ochedwa Global Forest Watch. Aliyense angawaone mwaulere, ngakhale pa foni. Zithunzi zake zimajambulidwa ndi makina a Landsat amene amazungulira dziko ali m'mlengalenga, ndipo akatswiri a ku University of Maryland ndiwo amaziwerengera. Dziko amaligawa m'timabwalo ta mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Pobiriwira pali mitengo. Pa mtundu wa pinki panali mitengo, koma inacoka kuyambira mu 2001 kubwera kuno. Mungafufuze Furancungo, likulu la boma la Macanga, kapena mapiri a ku Tsangano kumalire ndi Malawi, n'kuona kwanu caka ndi caka.

Mitengo kwathu kuno imatha cifukwa cotsegula minda yatsopano, kuocha makala, moto wolusa ndi kudula milimo ya zigafa za fodya. Koma cenjerani, mapuwa sanena amene anadula. Munthu akakolola bulugama amene anadzala yekha, paja pamaonekanso pinki. Mitengo yosafika mamita 5 saiwerengera. Conco mapu amafuna anthu a pamalopo, mfumu ndi alimi, kuti afotokoze zimene zinacitika.

Jambulani canu

Simufunika foni kuti muyambe. Tengani pepala, mulembe maina a miyezi m'munsi mwake. Mukagula thumba la makala kapena kutola mtolo wa nkhuni, jambulani kabwalo pamwamba pa mweziwo. Kenako yesani kusintha: vundikirani poto pophika, viikani nyemba m'madzi usiku, zimitsani makala otsala mukatha kuphika. Pakapita miyezi itatu, yerekezani mizere ija. Mzere ukafupika, ndalama zatsala m'thumba, ndipo mitengo ina yatsala ciimire kuphiri.