Mtovu ndi Nkhondo ya Pachiweniweni ya ku America

Pamene tiwerenga mbiri ya nkhondo timamva maina a akazembe ndi a zigwa zomenyanirapo, koma kawirikawiri sitifunsa kumene kunachokera zipolopolo. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, imene inamenyedwa kuyambira 1861 kufikira 1865, itiphunzitsa kuti funso limeneli si laling'ono.

Masiku amenewo zipolopolo za mfuti zinali za mtovu. Mtovu ndi wolemera, ndipo usungunuka pa madigiri 327 okha, pamene chitsulo chifuna moto wopitirira madigiri 1,500. Koposa zonse, mtovu ndi wofewa. Chipolopolo cha Minié, chimene mbali zonse ziwiri zinali kuwombera, chinali ndi mphako kumbuyo kwake. Wonga ukaphulika, mphakoyo inali kufutukuka nigwira mizere yopota ya m'kati mwa mpope wa mfuti, motero chipolopolo chinali kutuluka chikuzungulira, nichipita molunjika. Chitsulo, pokhala cholimba, sichikadatha kutero.

Zigawo za kumwera, zimene zinapanduka pofuna kusunga ukapolo, zinali ndi thonje lambiri koma mtovu wochepa. Migodi ya ku Granby, m'chigawo cha Missouri, inalandidwa ndi a kumpoto mu 1862. Chiyembekezo chinatsalira pa migodi ya ku Austinville, m'boma la Wythe ku Virginia, imene inapereka pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a mtovu wonse wa ankhondo a kumwera.

Nanga wotsalawo unachokera kuti? Josiah Gorgas, mkulu woyang'anira zida, anadalira zombo zoyenda mozemba usiku, zonyamula mtovu wa ku Ulaya kudzera ku Bermuda ndi Nassau kukafika ku doko la Wilmington. Anthu a ku Charleston anapereka mtovu wa m'mazenera ao, ndipo nkhondo ikatha pamalo, ena anali kutola zipolopolo zakugwa kuti azisungunulenso. Koma akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu December 1864 ankhondo a George Stoneman anaononga zipangizo za pa migodi ya ku Wythe, ndipo mu January 1865 linga la Fort Fisher linagwa, khomo la Wilmington nilitsekeka. Mu April chaka chomwecho Robert E. Lee anagonja. Zifukwa zinali zambiri, njala ndi kuchepa kwa asilikali pakati pao, koma kusowa kwa zida kunali chimodzi mwa izo.

Nzeru yolowetsa zitsulo zina inadza mochedwa. Mu 1882 Eduard Rubin wa ku Switzerland anakuta mtovu ndi chikopa cha mkuwa, ndipo mu 1898 Afalansa anayamba kupanga chipolopolo cha mkuwa wosakaniza, chopanda mtovu konse. Izi zinatheka pamene mfuti ndi wonga zinasinthika. Mfuti ya msilikali wa 1863 inali kudya mtovu wokha, ndipo iye analibe china choipatsa.