Ntchentche pa Duwa: Mmene Adatchi Ankajambulira Maluwa

Mzinda wa Antwerp utagwa m'manja mwa Asipanishi mu 1585, Apulotesitanti ambiri anathawira kumpoto, kwa Adatchi. Limodzi mwa mabanja amene anasamuka zaka zimenezo linali la Ambrosius Bosschaert, yemwe anakulira ku Middelburg n'kukhala katswiri wojambula maluwa. Matchalitchi akumeneko sankalola zithunzi m'makoma, choncho ojambula ankadalira amalonda olemera, ndipo amalondawo anali atapenga ndi maluwa achilendo. Katswiri wa zomera Carolus Clusius atafika ku Leiden mu 1593 anabzala matulip m'munda wa yunivesite, anthu mpaka kumamubera usiku.

Chithunzi cha Bosschaert cha m'ma 1618, chomwe chili ku Mauritshuis mumzinda wa The Hague, chikuonetsa mtsuko wagalasi pawindo. Duwa lililonse laima palokha, lowala ngati lathyoledwa m'mawa womwewo. Komatu mpukutu wotere sunakhalepo: tulip ndi rozi sizimasula mwezi umodzi. Wojambula ankasonkhanitsa maluwawo pang'onopang'ono, nyengo ndi nyengo. Pansi pa mtsukowo pali zigoba za nkhono za kunyanja zakutali, ndi ntchentche.

Ntchentcheyo inali ndi uthenga kwa munthu wowerenga Baibulo: thupi lidzaola. Tsamba lobooledwa ndi mbozi, duwa lothothoka, zonse zinkanena kuti moyo suchedwa kufota. Gulugufe ndiye ankatonthoza, poti mbozi imalowa m'chikwa ngati m'manda n'kutuluka ndi mapiko. Koma ine ndimaona kuti akatswiri ena amapyola muyeso pofuna ulaliki pa nyerere iliyonse. Nthawi zambiri wojambula ankangofuna kuti mlendo akweze dzanja kuingitsa ntchentche ya penti.

Msika wa matulip unagwa mu February 1637, koma zithunzi sizinathe. Wojambula Jan Davidsz de Heem anasiya kufoletsa maluwa ngati asilikali. Ake amapindika, ena kulendewera. Otto Marseus van Schrieck ankaweta njoka ndi abuluzi, ndipo nthawi zina ankadinda mapiko enieni a gulugufe pa penti yaiwisi. Apa tizilombo tinali titayamba kujambulidwa chifukwa cha chidwi chofuna kutidziwa. Maria Sibylla Merian anachoka ku Amsterdam mu 1699 kupita ku Suriname, kukajambula mbozi iliyonse pa chomera chimene imadya. Rachel Ruysch, mayi wa ana khumi, anajambulabe atapitirira zaka 80. Jan van Huysum ankaumirira kuona duwa lenileni, moti mu 1742 analemba kalata yodandaula kuti chithunzi chachedwa chifukwa chosowa rozi wachikasu.

Tulip wamizeremizere ngati Semper Augustus ndi amene ankadula kuposa onse, ndipo ojambula ankakonda kumuika pamwamba. M'zaka za m'ma 1920 asayansi anapeza kuti mizereyo ndi matenda a vayirasi, ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba.