Chikwatu Chinayamba Pulasitiki Asanabwere

Majumbo asanafike m'misika, amayi a m'midzi ya ku Malawi ankasunga mfutso m'zikwatu. Ankafutsa masamba a nyemba, khobwe kapena nkhwani, kuwayanika padzuwa, kenako kuwakulunga m'masamba akuluakulu a msuku n'kumanga ndi luzi. Chikwatu chinkapachikidwa kudenga la khitchini, komwe utsi unkathamangitsa tizilombo, ndipo ndiwo zinkafika mpaka m'chilimwe. Chikatha ntchito chinkawola n'kusanduka dothi. Polyethylene, amene amapangira majumbo, anatulukiridwa ku England mu 1933, ndipo atafika kuno anakankhira luso limeneli pambali. Mavuto ake anaoneka m'ngalande zotsekeka ndi m'mimba mwa mbuzi, mpaka boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, ndipo Khoti la Suprimu linagwirizana nalo mu 2019.

Lero asayansi akupanga zokutira zakudya kuchokera ku sitalichi ya chinangwa, n'kuthiramo madzi ofinyidwa m'makoko a mango kapena a makangaza. Makokowa ali ndi ma polyphenol, omwe amachedwetsa mpweya kuwononga mafuta a m'chakudya. Ine ndikuona kuti uku n'kupitiriza nzeru ya chikwatu, yakuti chomera chiteteze chakudya kenako chibwerere m'nthaka. Ena amati zokutirazi zimafewa zikakumana ndi chinyontho ndiponso n'zodula. N'zoona, ndipo sizingasunge mkaka kapena nyama yaiwisi monga amachitira pulasitiki. Komatu chikwatu nachonso chinali cha zakudya zouma zokha, ndipo mtedza, usipa ndi mfutso, zomwe zimadzaza misika yathu, n'zouma. Za mtengo, makoko a mango amangotayidwa m'misika m'dzinja lililonse, pomwe mtengo wa jumbo suwerengera ndalama zotsegulira ngalande.