Mbiri ya Kachikumbu ka M'mapiri ndi M'mene Kamapezera Dzina

Makolo athu anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwana akabadwa m'mudzi sapita masiku ambiri asanamutche dzina. Koma padziko pano pali tizilombo tambiri timene takhala zaka zosawerengeka popanda dzina, ndipo tina tidzatha munthu asanatitchule. M'kabuku kano ndifuna kukusimbirani mbiri ya mtundu umodzi wa tizilombo totere, ndi ya anthu amene anakwera mapiri a kum'mawa kwa Africa kukatifuna. Muona kuti dzina la kanthu kakang'ono silipezeka mwa changu, ndiponso silipezeka ndi munthu mmodzi.

Kachikumbu kake nkotani?

Nonse mudziwa zikumbu. Zambiri zili ndi mapiko akunja olimba ngati chigoba, amene amaphimba msana wonse. Koma kachikumbu kathuka nkosiyana. Thupi lake nlalitali ndi loonda, ndipo mapiko ake akunja ngaafupi, onga malaya amene mwana wakula nawo, kotero kuti mbali yaikulu ya mimba imatsala poyera. Pansi pa mapiko aafupiwo kamapindapo mapiko ena ofewa oulukira. Mukakaopsa kamaimika nsonga ya mimba yake monga achitira chinkhanira, koma kalibe mbola. Tambiri ta ito sitikula kuposa njere ya mpunga. Timakhala m'masamba ovunda, pansi pa miyala, m'ndowe, m'bowa, ndipo tina timakhala m'zulu pamodzi ndi chiswe kapena pakati pa linthumbu. Akatswiri amatcha banja lonseli Staphylinidae.

Chiyambi cha maina

M'chaka cha 1758 munthu wina wa ku Sweden, dzina lake Carl Linnaeus, anakhazikitsa njira yotchulira nyama zonse ndi maina awiri a Chilatini. Njirayo njofanana ndi mwambo wathu wa chiwongo. Ife timati uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda, koma aliyense ali ndi dzina lakelake. Momwemonso dzina loyamba la kachilombo lili ngati chiwongo chimene kamagawana ndi abale ake, ndipo lachiwiri ndilo lakelake. Chilatini anachisankha kuti Mfalansa, Mjeremani ndi Mswahili atchule chinthu chimodzi ndi dzina limodzi.

Linnaeus anadziwa mitundu 19 yokha ya tizikumbu timeneti, ndipo yonse anaiika pansi pa chiwongo chimodzi cha Staphylinus. M'chaka cha 1802 wansembe wina wa ku France, Pierre André Latreille, anatiika m'banja laokha. Kuyambira pamenepo chiwerengero chakhala chikukwera chaka ndi chaka, ndipo mitundu yolembedwa inapitirira kale 60,000. Palibe munthu angathe kuisunga yonse m'mutu. Nchifukwa chake ntchito yozindikira mtundu watsopano ili yovuta.

Alendo akwera mapiri

Zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, akatswiri a ku Ulaya anayamba kufuna tizilombo pa mapiri aatali a kum'mawa kwa Africa. Charles Alluaud wa ku France anayenda m'dziko limene tsopano ndi Kenya, nafika ku Kilimanjaro m'zaka za 1903 ndi 1904. Tizikumbu timene anatola anatipereka kwa Albert Fauvel, loya wa mumzinda wa Caen, amene anatilongosola m'chaka cha 1907. Yngve Sjöstedt wa ku Sweden nayenso anakhala pa mapiri a Kilimanjaro ndi Meru m'zaka za 1905 ndi 1906, ndipo zimene anapeza zinadzaza mabuku atatu aakulu.

M'chaka cha 1911 Alluaud anabweranso, ali ndi mnyamata wina amene anaphunzira udokotala, dzina lake René Jeannel. Awiriwa anakwera phiri la Kenya, lotalika mamita 5,199, ndi la Kilimanjaro, lotalika mamita 5,895, nabwerera kwao mu 1912. Pokwera anaona kuti phiri lili ngati nyumba yosanjikizana. M'munsi muli minda ndi udzu. Pamwamba pake pali nkhalango yowirira ya nkhungu ndi ndere. Pamwambanso pali dziko lozizira la udzu wa mitumbira ndi zomera zachilendo zonga kabichi womera pa tsinde lalitali. Kumeneko usiku madzi amaundana, ndipo tizikumbu timabisala m'masamba ouma amene amakuta matsinde a zomerazo ngati bulangete. Chigawo chilichonse chinali ndi tizilombo take.

Jeannel sanaiwale mapiri amenewa. Atakhala mphunzitsi wamkulu wa za tizilombo ku nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku Paris, anabweranso m'zaka za 1932 ndi 1933 nakwera phiri la Elgon, pa malire a Kenya ndi Uganda. Pambuyo pake, mu 1957, Pierre Basilewsky ndi Narcisse Leleup anachokera ku mbali ya Belgium kukasefa masamba ovunda pa Kilimanjaro ndi m'mapiri a Uluguru, m'dziko limene panthawiyo linali Tanganyika.

Pano tiyenera kukumbukira anthu ena. Palibe mlendo mwa onsewa amene anakwera phiri yekha. Anthu a m'dzikomo ndiwo anawalozera njira, nasenza mahema, ufa ndi mabokosi a mabotolo mpaka kumalo kumene chisanu chimaluma mapazi. Maina a alendo analowa m'mabuku, ena mpaka anasanduka maina a tizilombo. Maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchitoyo inali yaonso.

Phiri lili ngati chilumba

Kodi nchifukwa ninji anthu anavutika chotere kukwera mapiri? Yankho lake nali. Tizikumbu tambiri ta m'nkhalango za pamwamba tinataya mapiko oulukira, ndipo tina tokhala m'kati mwa dothi tili ndi maso aang'ono kapena tilibiretu maso. Kanthu kotere sikangatsike phiri nkudutsa chigwa chotentha kuti kakafike pa phiri lina, pakuti dzuwa lingakaumitse panjira. Motero phiri lililonse lili ngati chilumba pakati pa nyanja. Pa zaka zikwizikwi tizikumbu ta phiri lina timasintha pang'onopang'ono, mpaka tileka kufanana ndi abale ao a pa phiri loyandikana nalo. Nchifukwa chake munthu akasefa masamba pa phiri limene ena sanasefepo, kawirikawiri amapeza mtundu umene sunalembedwe.

Ntchito yozindikira mtundu watsopano

Tsono tiyeni titsate kachikumbu kamodzi kuchokera m'nkhalango kufikira katalandira dzina.

Choyamba ndi kukagwira. Wofufuza amaola masamba ovunda nawasefa, monga mayi asefera ufa, kuti zinyalala zazikulu zitsale. Zotsikazo amaziika m'chiwiya chonga fanelo, chimene anayamba kupanga Antonio Berlese wa ku Italy mu 1905. Iye ankatenthetsa chiwiyacho ndi madzi otentha, koma mu 1918 Albert Tullgren wa ku Sweden anaika nyali pamwamba pake. Masamba akayamba kuuma, tizilombo timathawira pansi ndi kugwera m'botolo la sipiriti.

Chachiwiri ndi kulemba. Pa kachikumbu kalikonse amaikapo kapepala konena dziko, phiri, kutalika kwa malowo, tsiku, ndi dzina la wotola. Kachikumbu kopanda kapepala kali ngati kalata yopanda keyala. Palibe chimene kangaphunzitse munthu.

Chachitatu ndi kupenyetsetsa. Katswiri amakaika pansi pa galasi lokuza zinthu, nawerenga timfundo ta tinyanga take ndi ta timiyendo take. Amayesa mutu, chifuwa ndi mapiko, naona timaenje ndi tiubweya ta pakhungu. Zimenezi zimamuuza chiwongo chake. Koma mitundu yambiri ya chiwongo chimodzi imafanana kunja ngati mapasa. Apa katswiri amatenga singano yosongoka natulutsa kachiwalo kaumuna kobisika m'mimba mwa kachikumbu kamphongo, pakuti kaonekedwe ka kachiwaloko kamasiyana mtundu ndi mtundu. David Sharp ndi Frederick Muir analemba za njira imeneyi mu 1912, ndipo Jeannel anaigwiritsa ntchito kwambiri. Kuyambira 2003 akatswiri anaonjezapo njira ina, yoyeza kachigawo ka DNA, ndiko kuti malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse.

Chachinayi, ndipo chovuta koposa, ndi kufanizira. Munthu sanganene kuti wapeza chatsopano asanaone zonse zimene anzake anapeza kale. Anzakewo analemba zambiri. Max Bernhauer wa ku Austria, amene ntchito yake ya masana inali yolemba mapangano a malamulo, anatcha yekha mitundu yoposa 5,000, kuphatikizapo ya m'mapiri a Ethiopia imene Hugh Scott anatola mu 1926 ndi 1927. Malcolm Cameron, dokotala wa asilikali a pamadzi a ku Britain, anatchanso yambiri ya ku India ndi ku Africa. Tizikumbu ta Bernhauer tinakasungidwa ku Chicago, ta Fauvel ku Brussels, ta Cameron ku London. Motero wofuna kutcha kachikumbu ka pa Kilimanjaro ayenera kubwereka kapena kukaona tizikumbu ta m'mizinda yakutaliyo. Akachita changu, angathe kutcha dzina lachiwiri kanthu kamene kali nalo kale dzina, ndipo lamulo likuti dzina loyamba ndilo limaima.

Chachisanu ndi kutcha dzina. Katswiri amasankha kachikumbu kamodzi kuti kakhale mboni ya dzinalo, nakaikira kapepala kofiira, nakasunga m'nyumba yosungiramo zachilengedwe kumene aliyense wokayika angakaone. Kenaka amasindikiza malongosoledwe ake ndi zithunzi. Bungwe loyang'anira malamulo a maina a nyama linayamba mu 1895. Dzina losasindikizidwa motsata malamulowo siliwerengedwa.

Ngakhale dzina litaperekedwa, nkhani ya chibale imatha kubukanso. Jeannel anatha zaka zambiri akulongosola tizikumbu tating'onoting'ono totchedwa Pselaphidae, timene anthu onse ankatiyesa banja lapadera. Iye anamwalira mu 1965. Patapita zaka 30, mu 1995, Alfred Newton ndi Margaret Thayer anaonetsa kuti timeneti ndi nthambi chabe ya banja la Staphylinidae, ndipo mitundu zikwi zambiri inasamukira m'banjalo tsiku limodzi.

Kamene kanadikira zaka 182

Kuti muone kutalika kwa ulendo umenewu, imvani za kachikumbu kena ka banja lomweli, ngakhale sikanali ka m'phiri kapena ka mu Africa. M'chaka cha 1832 Charles Darwin anakatola ku Bahía Blanca m'dziko la Argentina. Kanafika ku London, kanasokonekera pakati pa tinzake tosatchulidwa, ndipo anthu anakayesa kotayika. Mu 2008 katswiri wina, Stylianos Chatzimanolis, anakapeza m'bokosi la tizikumbu timene anabwereka, naona kuti sikafanana ndi chiwongo chilichonse chodziwika. Mu 2014 anakatcha Darwinilus sedarisi. Kanadziwika chifukwa kapepala kake sikanataike. M'mabokosi a m'nyumba zimenezi mudakali tizikumbu tambiri todikira chomwecho.

Phindu lake nchiyani?

Wina angafunse kuti, "Kodi dzina la kachikumbu lingandidyetse nsima?" Funso limeneli nloyenera. M'banja lomweli muli chiwongo cha Paederus, tizikumbu tofiira ndi takuda timene timabwera ku nyali usiku nthawi ya dzinja. Sitiluma, koma munthu akakatswanyira pakhungu, madzi a m'thupi mwake amatupitsa khungu ndi kutulutsa matuza ngati wapsa ndi moto, ndipo akafika m'maso amavutitsa koopsa. Mvula itachuluka ku Kenya mu 1997 ndi 1998, tizikumbu timeneti tinavutitsa anthu ambiri mu Nairobi. Madokotala anadziwa chochita chifukwa kachilomboko kanali ndi dzina, ndipo zimene anzao a maiko ena analemba pansi pa dzinalo anatha kuziwerenga. Langizo lake ndi ili: kakatera pa inu kauzireni kapena kakutumuleni osakatswanya, ndipo ngati mwakatswanya sambani msanga ndi sopo. Mitundu ina yambiri imatithandiza, pakuti imadya mphutsi ndi tizilombo toononga mbewu. Popanda maina sitingasiyanitse bwenzi ndi mdani.

Mau otsiriza

Ifenso tili nazo zilumba zotere: Mulanje, Zomba ndi Nyika. Mkungudza wa pa Mulanje, umene Alexander Whyte anatola nthambi zake mu 1891 ndipo unatchedwa Widdringtonia whytei mu 1894, sumera wokha pa phiri lina lililonse. Mtengo waukulu chotere nkhwangwa ndi moto zauchepetsa ife tikuona. Nanga kuli bwanji tizikumbu topanda mapiko tokhala m'masamba a patsinde pake? Mbalame ikaona moto imauluka, gwape amathawa, koma kachikumbu kosauluka kamapsa pomwepo, ndipo ngati mtundu wake unali wa phiri lokhalo, watha padziko lonse.

Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu, mudziwa kuti chinthu chabwino sichichedwa kwa munthu wodekha. Ntchito ya m'mabokosi ingathe kudikira zaka 182, koma nkhalango ikapsa siidikira munthu. Mukamasosa m'mphepete mwa phiri, lambulani njira yotchinga moto. Ndipo ana anu akakubweretserani kachilombo kachilendo, musawakalipire. Auzeni alembe malo ndi tsiku limene akapeza, pakuti ntchito yonse imene ndakusimbiraniyi imayambira pa kapepala kotero.